Buku la Bambo Lili Kuseri kwa Firiji

Mayi a kunyumba,

Musakuwe mukaona matope m'bafa. Ndine.

Lero gulu lathu lowerenga tikuyenda lija limayamba mabuku a nyengo ya mvula. Mwambo wake mukuudziwa: wosankha buku amatsogola, n'kumawerenga mokweza akuyenda chafutambuyo kuti onse amve. Ndinatenga lanu lija anakusiyirani malemu bambo, osakupemphani. Ndimafuna kuoneka wozama.

Pakona ya okonza matayala pali ngalande. Onse anaiona kupatula ine. Ndinagweramo ndi buku lomwe. Anamwino a m'gulu lathu anathamanga, ine n'kutambasula dzanja, iwo n'kuvuula buku. Amvekere, "Inu muuma nokha, achimwene!"

Ndaliimika kuseri kwa firiji kuti liume. Chonde muzitsegula masamba pang'onopang'ono, musalisite. Patsamba pomwe bambo analemba dzina lanu inki yayenderera, koma likuwerengeka. Ndayang'ana kangapo.

Ndapita kwa omata mabuku kukafunsa za chikuto. Kunena zoona, ndathawa maso anu. Pepani kwambiri, ndalakwa. Mtima ukatsika mundiimbire, ndibwera. Mukapanda kuimba ndizingozungulira m'tauni. Kuyenda ndiye ndimatha, bola chakutsogolo.

Mwamuna wanu wonunkha ngalande