Kiyi wa Manda a ku Glenardoch

Kilbrennan,
9 Malichi, 1844

Okondedwa achemwali anga Euphemia,

Kalata yanu yochokera ku Pictou yandipeza ndili moyo. Kunena kuti ndili bwino kungakhale kunama. Mwati ndikulembereni mbiri ya banja lathu kuti ana anu, obadwira kutsidya kwa nyanja, adziwe kuti ndi magazi a ku Glenardoch. Ndilemba, koma ikakuwawani musandikwiyire.

Muyambe ndi Dona Grizel, agogo awo a agogo athu, aja chithunzi chawo chinali pamakwerero. Muwauze anawo kuti pamene asilikali a mfumu ankasaka abusa ngati nyama, mayi ameneyu anabisa m'busa m'chipinda cha mkaka nyengo yonse yachisanu, ndipo atamuwotcha dzanja sanaulule. Achimwene athu Hew amaikonda nkhaniyi. Mlendo aliyense ankamuimika pachithunzipo, tambula ya vinyo ili m'manja.

Kenako muwauze za Hew yemweyo. Chaka chatha amuna anga, Abusa Ninian, anatuluka mu mpingo wa boma limodzi ndi abusa ena ambirimbiri, pokana kuti eni malo azisankhira akhristu m'busa. Anthu a kuno anawatsatira pafupifupi onse. Hew, pokhala mwini malo, anatitulutsa m'nyumba ya abusa. Zimenezo tinkaziyembekezera. Koma analetsanso aliyense wolima m'minda yake kutisunga. Tinakalowa m'khola lakale la nkhosa kutsidya kwa mtsinje, kunja kwa malire ake, ndipo mapemphero timachitira pamsewu, chipale chofewa chikugwera pa Baibulo.

Achemwali, mwana wanga Ailie anamwalira mu Januwale. Chinali chifuwa. Khoma limene ankagona pafupi nalo linkachucha madzi. Inu simunamuonepo. Anali wa tsitsi lofiira ngati lanu, ndipo anali atangoyamba kuwerenga yekha.

Atamwalira, kutacha ndinapita kunyumba kumene tinabadwira, ndipo ndinalowera khomo lakumaso. Hew ndinamupeza akudya phala.

"Achimwene," ndinatero, "ndabwera kudzapempha kiyi wa manda a banja. Ailie akagone pafupi ndi mayi athu."

Anayamba wapukuta kukamwa. "Pepa, Lilias. Malo alipo. Koma pemphero apereke m'busa amene ndaika ine. Mwamuna wakoyo aime kunja kwa mpanda."

"Bambo wa mwana aime kunja?"

"Kutuluka anasankha yekha. Nanga iwe sindinakuuze? Mwana wa ku Glenardoch sakwatiwa ndi mwana wa woluka nsalu, ngakhale atavala kolala yoyera bwanji. Taona lero, ukununkha nkhosa."

"Ndikununkha kumene munanditumiza," ndinamuyankha.

Alamu athu Augusta, akazi a Hew, anandifunsa ngati ndingamweko tiyi. Tiyi, achemwali! Mwana wanga ali gone pathabwa!

Potuluka ndinakwera makwerero aja n'kutsitsa Dona Grizel pakhoma. Ngolemera kuposa mmene amaonekera. Mysie, wantchito uja anatilera, ananditsegulira chitseko yekha. Hew anakuwa ali pakhonde kuti, "Wakuba iwe! Bweza chimenecho!" Ine ndinati, "Bwerani mudzawatenge kumene kuli abusa obisala, n'kumene anazolowera." Ndinawoloka nawo mtsinje nditawaberekera kumsana. Pano ali pakhoma la khola, ndipo chinyezi chayamba kudya ngodya imodzi. Hew wanditumizira loya. Sindibweza.

Ailie tinamuika paphiri kuseri kwa khola. Nthaka inali gwa chifukwa cha chisanu, moti amuna anachita kusonkha moto pamwamba kuti ifewe. Anabwera onse, ngakhale olima m'minda ya Hew. Ninian anapemphera mpaka pakati, mawu n'kumuthera, ndipo mkulu wa mpingo, bambo Dougal Moffat, anamaliza.

Tsopano Hew wauza bambo Moffat ndi mabanja ena awiri amene ananyamula bokosi kuti mwezi wa Meyi achoke pamalo ake. Makolo awo analima minda imeneyo kuyambira nthawi ya Dona Grizel. Pempho langa ndi limeneli: alamu anga kumeneko sangawapezere poyambira? Ndi anthu olimbika, ndipo akuvutika chifukwa cha mwana wanga. Mundiyankhe pa sitima yoyamba.

Ninian akuti ndikhululuke. Amanena modekha, uku akutsokomola, ndipo kudekha kwakeko nthawi zina kumandipsetsa mtima kuposa chipongwe cha Hew. Pa Pemphero la Ambuye, tikafika pa mawu a kukhululukira amangawa athu, ine ndimatseka pakamwa. Iye amamva, popeza ndimaima pafupi naye, koma sanandifunsepo.

Mukamalembera Hew musatchule dzina langa, ndipo musayese kutiyanjanitsa.

Perekani moni kwa alamu ndi ana onse. Ana anga otsala, Gavin ndi Marion, akupereka moni kwa amayi awo aakulu. Katundu munatumiza uja anafika sabata yatha. Magolovesi amukwana Gavin. Kachipewa kobiriwira munalukira Ailie katengedwa ndi Marion. N'kakang'ono, sikafika m'makutu, koma akukana kukavula ngakhale pogona, ndipo ine ndamusiya.

Ndine mng'ono wanu,
Lilias