Vidiyo ya Shafi pa Msewu wa ku Nkopola

Mayfair, Joni
Mwezi wa Julaye

Wokondedwa mng'ono wanga Mwanamvua,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi onse kwathu kwa Mponda. Kodi amayi ayambako kudya? Nanga miyendo yawo ija yasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, m'thupi mulibe vuto, koma mumtima simunakhazikike.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala pomwe tonse tili ndi mafoni. A Willard, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kupita ku Mangochi, anyamuka mawa, ndiye ndawapempha kuti aipereke m'manja mwako. Zimene ndikufuna kukuuza sindikufuna kuti ziyende pafoni. Mauthenga ako onse ndinawaona, ndipo mawu aja unajambula ukulira ndinawamvera mpaka kumapeto. Sindinayankhe chifukwa ndinkaopa kulemba nditapsa mtima. Tsopano mtima watsikako, ndiye tiye tikambirane ngati ana a mayi mmodzi.

Kuno chaka chino kwazizira koopsa. M'chipinda changa mphepo ikulowera pansi pa chitseko, ndipo magetsi akazima ndimangovala majuzi awiri n'kukhala. Kushopu kumene timasoka makatani ntchito yachepa, moti abwana ayamba kutiwerutsa msanga. Mapepala anga okhalira kuno sanatulukebe. Ndikanati ndibwere kumaliro, sindikanaloledwa kubwereranso, komanso basi ikanandifikitsa manda atakwirira kale. Izi amalume ndinawafotokozera, koma ndikufuna nawenso uzimve kuchokera kwa ine, usamaganize kuti mlongo wathu Shafi ndinamutaya.

Sunandifunsepo mmene ndinamvera za imfa ya mlongo wathu. Mwina ukuganiza kuti ndinamva kwa amalume pamene anandiimbira madzulo aja. Ayi, mng'ono wanga. Ndinali nditadziwa kale.

Inali nthawi ya nkhomaliro. Ndinali pamasitepe a kuseri kwa shopu ndi Doris, mnzanga wa ku Zomba amene timasoka limodzi, tikumwa tiyi ndi buledi. Kuno tili ndi gulupu ya pa WhatsApp ya anthu a ku Mangochi, mmene timauzana za maganyu, za zipinda za lendi ndi za amene akupita kumudzi. M'gulupu imeneyo munalowa vidiyo. Woitumiza analemba kuti kwachitika ngozi yoopsa pamsewu wa ku Nkopola, wakabaza wagundidwa ndi lole. Ndinaitsegula buledi ali m'kamwa.

Poyamba ndinangoona njinga yamoto itapindika m'mbali mwa tala, ndi munthu atagona chafufumimba, anthu atamuzungulira. Ndinamuuza Doris kuti taona, jekete ya munthuyu ikufanana ndi imene ndinatumizira mlongo wanga chaka chatha. Ndinalankhula choncho mopanda nkhawa iliyonse. Kenako wina anamutembenuza, wojambulayo n'kusendera pafupi mpaka nkhope inadzaza foni yonse.

Mwanamvua, Shafi anali asanamwalire. Ankapuma, ankayesa kudzutsa mutu. Ankapempha madzi m'Chiyao, ndi mawu ake omwe aja ankatiitanira tili ana. Ankangoti mesi, mesi. Manja ambiri amene ankaoneka pamenepo anali atagwira mafoni.

Doris akuti ndinakuwa mpaka abwana anatuluka, koma ine sindikukumbukira. Ndikungokumbukira kuti ndinaimbira iwe, sunayankhe. Ndinaimbira amalume, foni yawo sinkapezeka. Ndinaimbira mlamu wathu Awa, mkazi wa Shafi, inangoitana. Ndinadziuza kuti muli naye kuchipatala, akumuthandiza, poti mu vidiyo muja anali wamoyo. Ndinakhala pamasitepe paja ndikupempha Mulungu, foni ili m'manja. Ndiye ndinaona kuti iwe wasintha sitetasi yako ya pa WhatsApp. Ndinaitsegula mofulumira poganiza kuti mwina ukupempha anthu madua, kuti amupempherere. Ndinapeza chithunzi cha Shafi cha tsiku la Idi, pansi pake utalemba kuti kwa Allah tinachokera ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Umo ndi mmene ndinamvera kuti mlongo wanga wamwalira. Anzako a kusukulu, makasitomala ako a usipa ndi ine, tonse tinamva nthawi imodzi.

M'mawu aja unajambula unati dzina langa unalitsegula kangapo koma chala chinkakana kudina, chifukwa unkaopa kumva kulira kwanga. Ndakumvetsa. Unali wekha pakhonde la chipatala, ndiwe wamng'ono, ndipo sunanyamulepo uthenga wotere. Sindikukusungira chakukhosi. Koma ndikuuze zoona: ukanaimba, ndikanalira, nawenso ukanalira, ndipo tikanalira tili awiri. Mmene zinachitikiramu ndinalira ndekha kuseri kwa shopu ya eni ake. Zikadzachitikanso, poti imfa siitha pakhomo, usadzalembe kanthu pafoni abale onse asanauzidwe ndi pakamwa. Yamba ndi amalume, iwo adzadziwa woti auze amayi. Kenako ife akutali. Sitetasi siithawa, ikhoza kudikira mpaka mawa lake.

Tsiku limene munkaika maliro ndinaswali ndekha m'chipinda, kenako ndinaimbira a Swadick, amene amayang'anira gulupu yathu ija. Ndinawapempha kuti achotse vidiyoyo chifukwa munthuyo ndi mlongo wanga. Anachita manyazi kwambiri, anapepesa, ndipo anaichotsa nthawi yomweyo. Woitumiza uja nayenso anandiimbira, ndi mnyamata wa ku Makanjira, akuti sankadziwa kuti m'gulupumo muli mbale wake wa wovulalayo. Koma a Swadick anandiuza mosabisa kuti madzi akatayika saoleka. Pofika nthawi imeneyo vidiyo inali italowa kale m'magulupu ena, ya ku Cape Town, ya ku Durban, ndi ya kumudzi komweko.

Zinalidi choncho. Lachisanu lotsatira, titatuluka mumzikiti, mayi wina wa ku Machinga amene timangopatsana moni anandikoka dzanja kuti ndione zimene zachitika kwathu. Anandiyandikizira foni kumaso. Ndisanatembenuke ndinamvanso mawu aja opempha madzi. Nditawauza kuti ameneyo ndi Shafi wathu, mayi aja anagwira pakamwa n'kukhala pansi. Si munthu woipa. Ambiri amene akuitumiza si anthu oipa. Amangoiwala kuti wogona pamsewuyo ali ndi mayi ake.

Ndaiona yaikidwanso patsamba lina la Facebook, lija limaponya nkhani za ngozi. Ndinalembera mwini tsambalo, mpaka lero sanandiyankhe. Pansi pake anthu alembapo zambiri. Ena akuti akabaza onse amayendetsa ataledzera, ena akuti anaziyamba dala, ena angoikapo tinkhope toseka. Akunena munthu amene sanalawepo mowa chibadwire, amene ankadzuka kukaswali asanagwire njinga. Ndinaonanso dzina lako pamenepo, ukuwayankha mmodzimmodzi, mpaka kutukwanizana ndi bambo wina amene sukumudziwa n'komwe.

Mng'ono wanga, siya. Ndikudziwa kuti ukumenyera achimwene ako, koma anthu amenewo sangamve. Doris anandifotokozera kuti pamene anthu akukangana pansi pa chinthu, m'pamene chimaonekera kwa anthu ambiri. Ndiye kuti nthawi iliyonse ukayankha, ukuthandiza kuti Shafi aonedwe ndi ena amene akanaphonya. Komanso zimene walembazo sizifufutika m'maso mwa anthu. Tsiku lina wina adzazijambula n'kuzitumiza kwa amalume, kapena kwa akuchimuna pamene ukufunsiridwa, ndipo sadzaonetsa zimene anayamba kunena bamboyo. Adzaonetsa zako zokha.

Wina akakutumizira vidiyoyo, usakalipe m'gulupu. Mulembere payekha, umuuze kuti uyu ndi mchimwene wanga, ali ndi mkazi ndi ana, chonde fufutani. Ine ndi Doris takhala tikuchita zimenezo kuno, ndipo ambiri akupepesa n'kufufuta. Sizingaithetse, koma ukachotsa m'foni imodzi wachepetsako.

Ndamvanso kuti pamaliro ena ankajambula Awa akudzigwetsa pansi, mpango utagwa kumutu, ndipo zithunzizo zinayenda. Mtsikana uja ndi wamanyazi, sanatulukepo pakhomo wopanda mpango. Pano ali pa eda, kubindikira kwa mkazi wamasiye, sangathe kudziyankhulira. Pa sadaka ikubwerayi uwapemphe amalume alengeze asanayambe madua kuti mafoni akhale m'matumba. Iwenso usajambule ana a Shafi n'kulemba kuti amasiye. Ndikudziwa umachita chifukwa cha chikondi, koma ana aja adzakula, ndipo sanakupemphe kuti dziko lonse liwamvere chisoni. Munthu aliyense, ngakhale wa m'nyumba mwako, uzimufunsa kaye usanaike nkhope yake poti aliyense aone. Wolira ndi wodwala usawafunse n'komwe, ingowasiya.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi mwana wamkulu wa Shafi. Pano ali ku pulayimale, alibe foni. Koma zaka zikubwerazi adzakhala nayo, ndipo vidiyo ija idzakhala ikumudikira penapake. Sindikudziwa kuti tidzamuteteza bwanji. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, yankho sindinalipeze. Za amayi zokha ndiye tingathe. Aliyense wobwera kudzapepesa maliro akatulutsa foni pafupi ndi iwo, usachite manyazi, muuze abweze m'thumba, kaya ndi wamkulu bwanji.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Mu vidiyo muja muli chinthu chimene sindinakuuze. Chakumapeto, mayi wina akukankha anthu aja n'kulowa pakati. Akuoneka kuti ndi wogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, chifukwa akutula beseni pansi. Ndi wamfupi, wonenepa pang'ono, wavala bulauzi yachikasu. Akumasula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa Shafi, kenako akukhala pansi pafumbi pomwepo n'kuika mutu wa Shafi pamiyendo pake. Akukalipira anthu kuti asiye kujambula aimitse galimoto. Vidiyo ikuthera pomwepo.

Ndikufuna ukawapeze mayi amenewo. Usawafunefune poika nkhope yawo pa Facebook, chifukwa tikatero tiwachitira zomwe zija anthu achitira Shafi. Pita ndi miyendo yako. Kwera galimoto ya ku Nkopola, ukatsike pamene panachitikira ngoziyo, ukafunse amayi ogulitsa pamsewu. Iwo amadziwana, ndipo tsiku limenelo sanaliiwale. A Willard ndawapatsa kaphukusi, muli nsalu ziwiri. Ukawapatse mayiwo m'malo mwa chitenje chawo chija, poti sindikukhulupirira kuti chinachapika. Ukawauze kuti zachokera kwa mlongo wake wa malemu amene ali kutali, amene akanayenera kukhala pamene anakhala iwopo.

Ukawafunsenso, ngati angalole kukumbukira, kuti Shafi ananena chiyani foni ija itasiya kujambula. Kodi madzi aja anapatsidwa? Kodi alipo anamuthandiza kunena shahada, mawu aja ochitira umboni chikhulupiriro? Chilichonse chimene akakuuze, chabwino kapena chowawa, usandibisire. Koma usandilembere. Undiimbire, ndipo ulendo uno ndidzayankha.

Upereke moni kwa amalume, uwathokoze chifukwa chonyamula maliro onse pamutu pawo. Moni kwa azakhali ku Chowe ndi ana awo. Mlamu wathu Awa umuuze kuti ndimamutchula m'madua anga, ndipo usamusiye yekha masana onse, uzipita kukakhala naye ngakhale mulibe chokambirana. Ana a Shafi uwagwire m'manja m'malo mwanga.

Amayi uwapatse moni wanga utagwada. Kalatayi usawawerengere yonse. Ungowauza kuti ndili bwino, ndikuvala zofunda, ndipo mapepala akangotuluka ndibwera kudzaona manda. Ukabwerako ku Nkopola, udzawauze kuti mwana wawo sanagone pamsewu yekha, panali mayi mnzawo amene anamugwira mutu. Zina zonse za tsiku limenelo asazidziwe.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Hidaya