Masamba a kumapeto apita pambaula

Lachinayi, pakati pa Julaye. Chiperoni chaphimba phiri tsiku lonse, kuno ku Chikanda kukuzizira mpaka m'mafupa.

Nyengo yozizira ino ndawerenga mabuku atatu, poti lova chuma chake ndi nthawi. Loyamba linali lachikondi, anthu okhuta kulirira zopanda pake. Lachiwiri limalangiza za kalemeredwe, koma wolembayo sanaimepo pamzere wofuna ntchito. Lachitatu ndi lomwe landigwira mtima. Muli munthu wa digiri ngati ine, zaka zinayi akuponya makalata osayankhidwa. Dzulo ndinalekezera pomwe wayitanidwa ku intavyu, wabwereka jekete.

Lero poti nditsegule, masamba a kumapeto palibe! Alamu anga, akazi a achimwene amene akundisunga, ali phee kuwotha mbaula.

"Alamu, buku langa lija latani?"

"Makala ananyowa, ndiye ndang'ambako pang'ono poyatsira. Ndayambira kumbuyo kuti ndisakusokonezeni."

Imvani ulemu wake! Ndimati ndikalipe, koma manja anga anali kale pamoto womwewo. Ndangofunsa ngati anaonako mmene nkhaniyo yathera.

"Chizungu munaphunzira ndinu. Ine ndangoona kuti pepala lake likuyaka bwino kuposa nyuzi."

Ndiye sindidziwa ngati mnzanga uja ntchito anaipeza. Kapena bola choncho. Akanaipeza ndikanati wolembayo ndi wabodza, akanailephera ndikanadziwiratu zanga.

Madzulo ano ndawapeza alamu akuyang'anitsitsa envulopu ya mapepala anga a digiri pamwamba pa kabati. Makala akadali onyowa. Sindinaisunthe. Mwina digiriyo itifunditseko, kamodzi kokha...