Matabwa Ofiira a M'chipinda Chosokera

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja achita matuza.

Chipinda ndinkanena chija ndinalowamo, makina osokera ndaika pazenera. Makoma ake ndi okutidwa ndi matabwa, koma vanishi wake anakalamba mpaka kufiira ngati lalanje lakupsa. Poyamba ndinkangoseka. Kuseka kunatha tsiku limene mkwatibwi wina anabwera kudzayesa diresi lake. Atadziona pagalasi anati nsalu anasankha iye inali yoyera, osati yachikasuyi. Ndinachita kutuluka naye panja kuti aione padzuwa. Iye anakhulupirira, koma azakhali ake anachoka akung'ung'udza, ndipo telala akanenedwa ndi azakhali a mkwatibwi, ntchito imamuthawa.

Ndinapempha eni nyumba, mayi achikulire ndithu, kuti ndipake penti yoyera. Anakana kwamtuwagalu. Anati matabwawo anakhoma ndi malemu amuna awo, ndipo wofuna kupaka penti adikire iwo atsikire kaye kuli chete.

Sindinalimbane nawo. Ndinasuntha kabati n'kuyesa kuseri kwake. Ndinatsuka ndi sopo, ndinapala ndi sandipepala mpaka kunyezimira konse kutatha, kenako ndinapaka vanishi wamadzi amene ogulitsa penti anandidonthezeramo mtundu wotuwa. Ulendo woyamba ndinachulutsa, thabwa linada bii, ndinapalanso. Wachiwiri zinatheka. Kufiira kunazilala, mizere ya mtengo n'kumaoneka bwinobwino.

Ndinawaitana mayi aja mtima uli m'mwamba. Anayang'ana nthawi yaitali akusisita thabwalo. Kenako anati umu ndi mmene matabwawo ankaonekera chaka chimene analowa m'nyumbamo, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, ndipo iwo anali ataiwala. Anandilola kumaliza chipinda chonse, n'kuwonjezera kuti ndikatha ndilowe pabalaza pawo.

Ponse pamene dzanja langa likufika ndamaliza. Mababu ndaika oyera, ndipo dzulo munthu wayesa diresi n'kuchoka akumwetulira.

Pempho langa ndi limodzi. Kumtunda kwandikanika, chifukwa ndikakwera pamakwerero ndimachita chizungulire. Bwerani mwezi wamawa mudzandithandize. Za pogona musadandaule, mayi aja ayamba kale kukonza chipinda cha mwana wawo. Ndikudziwa kuti kalipentala pabanja pathu ndinu, koma mubwere mukudziwa kuti kapitawo pa ntchito iyi ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya mokwanira. Moninso kwa alamu, amalume ndi ana onse.

Tsalani bwino mpaka tionane.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Kamakani