Munda Umene Watsala pa Dima

Maputo, 9 Outubro 2023

Achimwene anga a Zacarias,

Landirani moni wanga wochokera kuno kutali. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Cecília? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi, kapena akungomvera belu ali pakhonde? Ine ndili bwino, Mulungu akundisunga, kungoti maso atopa ndi komputadori.

Kalatayi ndapatsira a Nazário amene akunyamuka mawa kupita ku Tete. Ndikanatha kuimba telefoni, koma mukudziwa nokha kuti kwathuko munthu amayenera kukwera pachulu kuti amve mawu, ndipo nkhani ndili nayoyi si yomvera pachulu. Komanso ndimakudziwani, mukanandidula pakamwa ndisanafike pakati. Muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa mukalipe pambuyo.

Ndiyambe ndi yokoma. Tezi yanga, buku lija la madzi a m'mitsinje imene anthu amatsukiramo golide, ndamaliza. Aprofesoro avomera, ndipo defeza, tsiku loimirira pamaso pa akuluakulu n'kumayankha mafunso awo, aiika pakati pa Novembro. Muwauze amayi kuti sukulu ija ankati ilibe mchira, mchira wake waoneka.

Alamu anandinong'oneza kuti mwasoketsa kale kazako wakuda, jekete la ulendo wa kuno, ndipo mumamuvala m'nyumba n'kumayendayenda ngati akuluakulu a boma a ku administrasau. Musawakalipire, ndinachita kuwakakamiza. Ndinaseka mpaka misozi, kenako misozi inapitirira yokha kuseka kutatha.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene wandifikitsa pano. Dzina lake ndi Otília, mayi wa ku Inhambane, wamfupi, woyenda mothamanga ngati wasiya mwana pamoto. Nayenso akulemba tezi. Yake ndi ya mabanja amene anabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, mmene anapezeranso minda yawo ndi mbewu zimene anabwera nazo m'mitolo. Chaka chatha anakhala ku Malowera akucheza ndi anthu otere. Chinyanja chake n'chopotoka, mudzaseka, koma sachita nacho manyazi.

Achimwene, ntchito iyi ndi yosungulumwitsa. Munthu umadzitsekera m'chipinda, umalemba tsamba, aprofesoro amalibweza litafiira ndi inki, umayambanso. Palibe amakuona ukulimbikira ndipo palibe amadziwa ukasiya. Ena tinayamba nawo anangozimiririka osatsanzika.

Otília atabwerako ku Malowera anatisonkhanitsa anayi: iyeyo, ine, Caetano wa ku Beira amene amalemba za masamu a sukulu, ndi Lourenço wa ku Nampula amene amalemba za matenda a chinangwa. Anati kwathuko anaona anthu akulima munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, ndipo anafunsa chifukwa chake ife ophunzira timafa ndi khasu patokhapatokha. Anandiyang'ana ine n'kundifunsa dzina la mwambowo. Ndinati ndi dima. Basi, kuyambira pamenepo gulu lathu linakhala dima, ngakhale Caetano mpaka lero amalitchula molakwa.

Loweruka lililonse timakumana kwa mmodzi. Mwini tsiku amaphika tiyi ndi chinangwa, m'malo mwa thobwa, ndipo tonse timagwira ntchito yake yokha. Wina amawerenga kapitulo, mutu umodzi wa buku, n'kuonetsa pamene sipakumveka, wina amakonza mayina a mabuku, wina amangokhala phee kumvetsera mwiniwake akufotokoza mpaka mfundo itawongoka. Matelefoni onse Otília amawaponya m'dengu. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti palibe kulembera mnzako, chifukwa ngakhale pa dima sumusankhira mwini munda mbewu yoti abzale.

Mukukumbukira nthawi ija ndinasiya kuimba kwa mwezi wathunthu? Magetsi anazima masiku angapo, jeladera, firiji ya ku laboratoriyo, inafunda, ndipo madzi onse amene munandithandiza kutunga m'mitsinje ya ku Fingoe anawonongeka. Mtima unandithera. Ndinalongedza chikwama, ndinati ndibwerere ndikaphunzitse ana kwathu, sukuluyi yandikana.

Otília anafika m'mawa, anaona chikwama. Anangokhalapo pamwamba pake, n'kundiuza kuti ndimufotokozere zimene ndinali nditayeza kale madziwo asanawonongeke. Ndinafotokoza ndikulira. Iye amangolemba. Pofika masana anandionetsa kuti zambiri zinalipo ndithu m'manja mwanga, zotayika zinali za mtsinje umodzi wokha. Pachikwamapo sanachokepo mpaka nditalonjeza kuti mawa ndipita kwa aprofesoro. Ndinamutukwana mumtima tsiku limenelo, lero ndimamudalitsa.

Si ine ndekha. Lourenço atataya bambo ake, Otília anamutengera makalasi ake ophunzitsa kuti apite kumaliro mtima uli m'malo. Caetano, amene amakonda kugona ngati mphaka wa m'nkhokwe, Otília ankamugogodera pakhomo m'mawa uliwonse mpaka anazolowera yekha. Mayi ameneyu sadzitama. Ukamuthokoza amakufunsa kuti tsamba la lero lili kuti.

Koma tamvani zimene zatulukira. Sabata yatha dima linali kwa Caetano. Tikumwa tiyi, iye anafunsa mwanthabwala kuti tinamwa liti tiyi wa Otília. Tonse tinayang'anana. Palibe anakumbukira. Amene amagawa masiku ndi Otília mwiniwake, ndipo likafika tsiku lake ankati wakutiwakuti ndiye ali pamoto, tiyambe ndi iyeyo, kapena kuti chipinda chake n'chaching'ono. Ife, poti tinali pamoto zoona, tinkangovomera.

Tinamupanikiza. Poyamba anaseka, kenako anaulula. Tezi yake ikusowa mbali yonse ya ku Chiputo, kumene kuli mabanja amene anabwerera mochedwa kuposa ena onse. Chaka chatha ananyamuka ku Malowera kupita kumeneko mvula itayamba kale, wa mota, njinga yamoto ija, amene anamutenga ataona mtsinje wadzaza anamutsitsa pagombe n'kubwerera, ndipo iye anayenda pansi kubwerera ali yekhayekha. Aprofesoro ake amuuza kuti popanda Chiputo buku lake liima ndi mwendo umodzi. Ndipo nthawi imene univeresidade inamupatsa ithera mu Marso. Akapanda kupereka, dzina lake lifufutidwa, zaka zonse zija zipite m'madzi.

Anatiuza izi ngati akunena za mtengo wa matimati pamsika. Anati anali ataganiza kale kuti akationa ife titatuluka, iye abwerere kwawo akaphunzitse, ndipo madotolo atatu pa anayi si zokolola zoipa. Achimwene, ndinakwiya. Ndinamuuza kuti dima limene anaphunzira ku Malowera analiphunzira theka. Kwathu makasu sapachikidwa munda wina uli tchire.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine. Chaka chimene bambo anatisiya, ine ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira m'mawa umene tinadzuka n'kupeza anthu ali kale m'munda mwathu, pomwe silinali tsiku lathu ndipo amayi analibe ngakhale chimera choti aphikire thobwa. Inu munaima pamalire a munda mukulira, khasu lili m'manja. Kupatsa n'kuika, ankatero bambo.

Tagawana ntchito. Caetano atenga makalasi ake, Lourenço alemba pa komputadori mawu onse amene Otília adzajambule, ine ndidzamasulira Chinyanja ndi Chinsenga chake. Koma pali mzere umodzi umene makasu athu a kuno sangafike, ndiwo msewu wa ku Chiputo. Akufunika munthu wodziwa njira, wa mota yake, wodziwa kupereka moni kwa akuluakulu a kumeneko, womasulira pamene lilime lake lapunthwa, ndiponso wosasiya mkazi pagombe la mtsinje. Ine munthu woteroyo ndimamudziwa mmodzi.

Vuto ndi masiku. Otília sangachoke kuno asanamalize kuyesa ana a kalasi yake mayeso, koyambirira kwa Novembro. Afunika masabata awiri kapena atatu ku Chiputo, ndipo mukudziwa kuti mvula ikagwa yoyamba ndi yachiwiri, msewu uja sutsegukanso mpaka Marso atadutsa. Masiku okhawo amene alipo ndi omwewo a defeza yanga.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene: musabwere ku Maputo. Mukamulandire Otília ku Fingoe, agone kwa amayi, ndipo mumutengere ku Chiputo n'kubwera naye mvula isanatseke njira.

Musaganize kuti ndalemba izi mopepuka. Kuyambira tsiku munagulitsa ng'ombe yanu yoyamba kuti ndipite ku sekondale ku Tete, ndakhala ndikulota inu mutakhala pampando wakutsogolo, mukugwedeza mutu ngati mukumva Chipwitikizi chonse cha akuluakuluwo. Ndikufuna mukhalepo, ndikufunitsitsa. Koma ine mudzakhalepo kapena ayi, ndituluka ndithu. Iye mukapanda kupita naye, satuluka.

Otília sakudziwa kuti ndalemba kalata iyi. Akanadziwa akanaing'amba. Mukavomera, mukwere pachulu paja mundiimbire, mungonena kuti mota ili bwino, ine ndimva. Kumuuza ndi kumukweza basi, zimenezo mutisiyire atatufe, taphunzira kwa iye yemwe kukhala pachikwama cha munthu.

Akafika mudzamuona nokha. Adzafuna kutsuka mbale, kutunga madzi, kuwerengetsa ana anu, zonse tsiku limodzi. Mumuletse. Amayi amuuze kuti mlendo woyamba kufika amakhala pamphasa, ndipo kamodzi kokha m'moyo wake alole kuti ena amugwirire ntchito.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka pabondo ali m'kathumba kamene a Nazário atenga. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a ku Malowera, kwa amalume ndi banja lawo lonse, ndi kwa ana anu, makamaka Patrício amene ndamva akuti akufuna kudzakhala dotolo wa mbuzi. Musaiwale anthu a kwaya yathu, andikumbukire m'mapemphero pakati pa Novembro.

Kazako uja musamupinde m'sutikesi. Mudzamuvale tsiku lolowa mu Chiputo, anthu aone kuti mlendoyo wabwera ndi munthu wolemekezeka. Ine kuno ndikadzaimirira n'kuona mpando wakutsogolo uli wopanda munthu, ndidzadziwa kumene muli, ndipo mawu sadzandinjenjemera. Fumbi lake musalikunthe, ndidzachapa ndekha ndikabwera pa Natale, kudzadya nanu Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Benilde