Pikapu ya Achimwene

Lolemba, 6 Meyi 1996
Lero ndakweza pikapu ya malemu achimwene a Enoch pamiyala. Zaka zapita ili pansi pa mango kuno ku Nabvutika, nkhuku zikuikiramo mazira. Pansi pake, dzimbiri lokhalokha. Chasisi chang'aluka pafupi ndi gudumu lakumbuyo. Madigadi akumanzere akugwedera ngati dzino la mwana. Alamu a Mainess, akazi a malemuwo, anaima patali, manja kumbuyo. Anangofunsa ngati idzayendenso. Ndinati inde, koma mumtima sindikudziwa.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndapeza zitsulo zochindikala za bedi lakale. Kuyeza, kudula, kuboola. Ziwiri zochirikiza chasisi, ziwiri zogwira madigadi. Magetsi anathima ndisanayambe kuwotcherera. Pansi pa mpando ndapeza chipewa cha achimwene. Ntchito inathera pomwepo.

Loweruka, 11 Meyi
Kunabwera amalume a Ezekiel kuchokera ku Mtenguleni. Mbiri yawafika kuti galimoto ikudzuka. Pamaliro anatenga wailesi, mipando ndi makina osokera. Pikapu anaisiya poti inali chiphakasa. Lero aizungulira, kugogoda chitsulo chatsopanocho ndi ndodo. Akuti katundu wa mwana wa mlongo wawo sangapite ndi mkazi. "Ikangolira injini, unditumizire uthenga." Alamu anawapatsa madzi atagwada. Ine ndinangowaperekeza mpaka kumsewu. Anandilera ndi amalumewa bambo atamwalira.

Lachiwiri, 14 Meyi
Ndawotcherera mbali zonse za chasisi. Maso akuwawa ngati muli mchenga. Chitsulo chakumanja chinapotoka ndi moto, ndinachigumula n'kuyambanso. Ndikadangomata pamwamba, ndani akadaona? Koma misewu yathuyi sinyengeka. Funso limodzi likundisowetsa mtendere: ndikulimbitsira yani?

Lachisanu, 24 Meyi
Malungo. Sabata yonse pamphasa. Alamu ndiwo amandiphikira phala. Dzulo anandiuza zimene sindinkadziwa: achimwene anawaphunzitsa kuyendetsa, ku bwalo la mpira, anthu ali kutchalitchi. Kwawo ku Katete kuli munda wa mtedza ndi thonje, koma chonyamulira palibe. Sanapemphe kanthu. Anatenga mbale n'kutuluka.

Lamlungu, 26 Meyi
Madigadi ndamanga, maboti onse ndakunga. Ndinakwera pamwamba n'kudumphadumpha, osagwedera. Injini inatsokomola, kenaka inalira. Ana a achimwene, Tamiwe ndi Mphatso, kuthamanga kuzungulira nyumba. Anansi onse amva. Uthenga ukafika wokha ku Mtenguleni, ngakhale ine ndisautumize.

Lachiwiri, 28 Meyi
Alamu ndi ana apita kwawo ku Katete m'mawa uno. Matumba, mapoto, mphasa, ana pamwamba. Makiyi ndinawapatsa pamaso pa anthu, kuti pasadzakhale wonena kuti anaba. Alamu analandira ndi manja awiri. Anati, "Alamu, mukangana ndi amalume anu chifukwa cha ine." Ndinawauza kuti pamabampu azichepetsa liwiro.

Pikapu ndinaiyang'ana mpaka pokhotera. Yolemedwa, koma yowongoka, osapendekeka.

Pabwalo pali zii. Sindinaganizepo kuti pokonza galimotoyi ndikukonza njira yoti ana a mbale wanga andichokere.

Madzulo ano mnansi wandiuza kuti waona amalume akutsika minibasi m'tauni, ali ndi munthu wodziwa kuyendetsa. Ndasesa pakhonde, ndatulutsa mipando iwiri. Ine ndikhala pansi.