Maimelo a Bambo Akukana Kuoneka

9 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kulandira kalata ya pepala ngati ndife anthu amakedzana. Pafoni mumandidula pakamwa ndisanamalize, ndiye ndati ndilembe, poti pepala simungaliuze kuti lizime n'kuyakanso. Nkhani yake ndi iyi: bambo ntchito yawathera, ndipo ine ndikufuna mubwere. Musatumize kanthu ayi, mubwere inuyo ndi miyendo yanu.

Mukukumbuka kuti bala la shuga lija litavuta kuphazi, kukampani anawalola kuti azigwirira ntchito kunyumba. Tinatulutsa mashini osokera a malemu mayi m'kachipinda kaja n'kuikamo tebulo ndi mpando. Ntchito inali yomwe ija, kuwerenga maimelo a makasitomala n'kuuza madalaivala a malole kokasiya katundu. M'mawa uliwonse ankasamba, kuvala malaya oyera, kumanga tayi, kuphazi labwinolo nsapato yopolisha, n'kulowa muofesi mwawomo. Ine ndikamapita kukaphunzitsa ndinkawaseka kuti afulumire, basi ingawasiye. Sikirini yawo sankalola munthu kuisuzumira, ati zinsinsi za kampani, ngati kuti ine ndingabe lole n'kuibisa kuchipinda.

Vuto loyamba linali lenileni, limenelo sindikana. Akalowa pa tsamba la maimelo a kampani linkatseguka theka, mabatani osaoneka, zilembo zina zitasanduka timabokosi. Munawaimbira, munawauza pofufuta ndi podina, anasintha bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti ija, zonse zinabwerera m'chimake. Tsiku limenelo anakutamani mpaka aneba makutu kuwawa. "Mwana wanga amakonza kompyuta ali kutali, osaigwira n'komwe!" Ine amene ndimawatsuka bala m'mawa ndi madzulo sindinamvepo akundinenera kwa munthu. Nsanje ndinachita, ndisaname.

Patapita kanthawi anayambanso kudandaula. Ankati mizere ikupindika, ndipo pakati pa sikirini pakubwera chibanga chakuda chomeza mawu. Inu munati ndi intaneti yofooka, tinasintha. Munati seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo yosunga maimelo, ndi yokalamba. Munati akulitse zilembo, anakulitsa mpaka mawu ochepa okha n'kudzaza sikirini yonse. Kenako munatumiza laputopu yatsopano yonyezimira ija, ndipo pafoni munati, "Chemwali, nkhani imeneyo yatha basi." Mawa lake chibanga chija chinali chitasamukira kale mu yatsopanoyo.

Kukampani kuli munthu wa makompyuta amene bambo anam'patsa dzina loti Dikirani Kaye, chifukwa ndi mawu okhawo amene amayankha ukamuimbira. Anamuvutitsa, achimwene, mpaka ine kumumvera chisoni. Iye ankati kwa anthu ena onse maimelo akutseguka bwino, bambo n'kumati ndi ulesi, ana amasiku ano amangodziwa kuzungulira pampando.

Kenako bambo anaphonya. Anawerenga molakwa dzina la kasitomala, lole yodzaza katundu inapita kutali kosayenera, dalaivala n'kukagona panjira. Abwana anapsa mtima. Bambo analumbira kuti wolakwa ndi seva, ndipo abwana analamula kuti Dikirani Kaye alowe mu laputopuyo ali kuofesi komweko, aone ndi maso ake. Tsikulo sukulu inali yotseka, ndinali pakhomo ndikusita. Foni bambo anaiika pokweza mawu, ndiye ndinkamva zonse.

Kamuvi ka pa sikirini katayamba kuyenda kokha, bambo anaseka. "Ufiti wa masiku ano, masanasana!"

"Bambo, kuno ndikuona zonse bwinobwino," anatero Dikirani Kaye.

"Kumeneko! Ine ndikunena za kuno."

"Chimene ndikuona ine ndi sikirini yanu yomweyo, bambo. Palibe ina."

Apa m'pamene tinadziwa kuti abwana nawonso anali pafonipo. Analankhula mofatsa, kufatsa kowopsa kuja. "Tatiwerengerani imelo ili pamwambayo."

Bambo anakuwa, "Iwe, tabwera kuno! Uwauze anthu awa za chibangachi, mwina iwe akumvera."

Kanali koyamba kundiitanira ku sikirini yawo. Ndinaima kumbuyo kwa mpando, ndinayang'ana. Achimwene, panali poyera ngati mbale yotsuka kumene. Mizere yowongoka, zilembo zikuluzikulu zoti ungaziwerenge uli pakhomo. Iwo anali atatukula mutu kudikira kuti mwana wawo awaikire umboni. Nditasowa chochita ndinawerama n'kuyamba kuwanong'oneza mawuwo m'khutu, iwo n'kumabwereza mokweza ngati ana anga a m'kalasi. Tinayenda mzere umodzi wokha.

"Amene akuwerengayo ndani?" anafunsa abwana.

Bambo anatseka diso limodzi ndi chikhatho n'kuyang'ana khoma. Anatseka linalo. Kenako anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali, foni ikadali yoyaka, anthu awiri aja akumva.

"Mwanawe," anatero, "chili pankhope pakonso."

Dikirani Kaye ndiye anadula foni. Mulungu amudalitse, anachita zaumunthu.

Madzulo ake bambo anandiuza kuti chibangacho ankachiona ndi kale pakhoma ndi pambale akamadya, koma ankati ndi kutopa kwa maso chifukwa cha kompyuta yowonongekayo. Nanga mwana wawo katswiri si anali atanena kuti ndi seva? Kuchipatala adokotala a maso anati ndi shuga yemweyo, wawononga mkati. Anandifunsa kuti mizere inayamba liti kupindika, nditayankha anangopukusa mutu. Akuti tikanapita nthawi imeneyo akanapulumutsa zambiri. Ife nthawi imeneyo tinali kalikiliki kusintha bulawuza.

Mwina muti ine ndinali nawo nyumba imodzi, ndinali kuti? Funso limenelo ndimadzifunsa ndekha, simukufunika kundithandiza. Koma pakhomo pano mawu anu ndi lamulo. Mukati seva, ndi seva basi, ngakhale muli kutali moti simudziwa kuti bambo anaonda bwanji. M'mafoni onse aja munafunsa za rauta ya intaneti, za pasiwedi, za mtundu wa laputopu. Simunafunsepo kuti kodi bambo, inuyo mukupeza bwanji.

Kukampani anawapumitsa mwaulemu wonse. Abwana anabwera okha ndi mawu okoma ngati apamaliro, anawagwira dzanja, mawa lake maimelo anatsekedwa. Bambo sanadandaule. Anandipempha kuti ndibwezere mashini a mayi m'kachipinda kaja, ndipo tsopano amangokhala pakhonde ndi wailesi.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi yankho lanu lija. Nditakuimbirani ndikulira, munangonena kuti, "Usadandaule chemwali, pali pulogalamu yowerengera anthu osaona, ndiwaikira ndili konkuno." Ndinazimitsa foni, ndipo sinali netiweki monga ndinakuuzirani pambuyo pake. Muli konko! Zonse muli konko, achimwene. Maliro a mayi munaonera pafoni, bala la bambo munaliona pachithunzi, lero mukufuna kukonzanso maso muli konko. Pepani ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo amawakonda, koma zithunzi zawo musatumizenso, ndatopa kufotokozera agogo awo kuti wamng'onoyo mphuno anatengera ndani. Bambo akupereka moni wambiri. Sakudziwa zimene ndalemba muno. Nditawauza kuti ndikulembera inu anati ndikuuzeni kuti ali bwino, musavutike, ntchito ndi yofunika kuisamala. Ndakuuzani monga anandituma.

Adokotala akuti diso lamanja lapita, lamanzere latsala pang'ono, ndipo sakulonjeza kuti lifika patali. Mukabwera msanga adzakuonani. Mukachedwa adzangokumvani mawu, ndipo zimenezo anazizolowera kale.

Ndine mlongo wanu,
wotsala pakhomo.